Mafunso Anu: Magitala ndi Ng'oma za Pulasitiki za Guitar Hero ndi Rock Band

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani ya zoimbira za pulasitiki zosewerera magemu a nyimbo. Ambiri mwazipeza pa kaunjika, ena abale akutumizirani kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, ndipo dandaulo lanu likufanana: chinthucho chikuoneka chabwinobwino koma sichikugwira ntchito. Tasankha makalata amene mayankho ake athandize anthu ambiri.

Mlongo wanga wa ku Johannesburg watumizira ana gitala yopanda nsambo, ili ndi mabatani 5 amitundumitundu pakhosi. Kodi chimenechi n'chiyani, nanga amaimba bwanji? Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Mayi, chimene mwalandiracho pachokha sichilira. Ndi chowongolera gemu ngati mapadi ena aja, kungoti anachiumba ngati gitala. M'kati mwake muli masiwichi, mawaya ndi kabolodi kamagetsi basi. Nyimbo imachokera mu gemu, pa PlayStation, Xbox, Wii kapena kompyuta.

Pa TV pamaoneka msewu wa mizere 5, ndipo manoti amitundu amatsetsereka kubwera kwa wosewera. Mitundu yake ndi yomweyo ya mabatani, kuyambira kunsonga kwa khosi: lobiriwira, lofiira, lachikasu, labuluu ndi la olenji. Noti ikafika pamzere wapansi, mwana agwire batani la mtundu umenewo ndi dzanja lamanzere, kenako ndi dzanja lamanja akhwatche kachipangizo kogwedera kali pamimba pa gitala, kotchedwa strum bar. Akachita pa nthawi yake, gitala ya m'nyimbomo imamveka. Akaphonya, imaduka n'kumveka kaphokoso konyansa. Kachitsulo kopindika kali chapansipo ndi whammy bar, kogwedeza mawu pa noti yayitali. Ndiye chimene gemu imayeza ndi chimodzi chokha: mwadina batani loyenera pa kanthawi koyenera kodi? Mukagwira mfundo imeneyi, mafunso onse ali m'munsimu aphweka.

Maganizowa anayambira ku Japan. Kampani ya Konami inatulutsa GuitarFreaks mu 1999, ya mabatani 3, m'nyumba zosewerera magemu. Mu November 2005 kampani ya ku America ya RedOctane, mogwirizana ndi Harmonix, inatulutsa Guitar Hero pa PlayStation 2, ndi gitala youmbidwa motengera Gibson SG. Mu 2006 makampani awiriwa anasiyana: Activision inagula RedOctane, MTV inagula Harmonix. Harmonix inapanga Rock Band mu 2007, imene inawonjezera ng'oma ndi maikolofoni kuti anthu 4 aziimba ngati bandi. Msika unadzaza mofulumira kwambiri, anthu anatopa kugula zida zatsopano chaka ndi chaka, ndipo mu February 2011 Activision inalengeza kuti yaimitsa Guitar Hero. Onse anayesanso mu 2015 ndi Guitar Hero Live komanso Rock Band 4. Choncho gitala ya ana anuyo mwina ili ndi zaka zoposa 15. Isamaleni, chifukwa zoyambirirazo anasiya kupanga.

Ndagula gitala ya Guitar Hero pa kaunjika, ndaika mabatire atsopano, kagetsi kakuphethira koma PlayStation 3 yanga sikuiona. Andibera? Mnyamata wa ku Ndirande

Mwina sanakubereni dala, achimwene, koma mwagula theka la katundu. Gitala yopanda chingwe ya PlayStation 3 silankhula ndi makinawo mwachindunji. Imafuna dongle, kachipangizo kolowetsa pa USB kamene kamalandira uthenga kuchokera ku gitala. Kagetsi kophethirako kakutanthauza kuti gitala ikufunafuna dongle yake ndipo sikuipeza. Choipa n'chakuti madongle sasinthana mwachisawawa. Ya gitala ya Les Paul ya Guitar Hero III, yooneka ngati kachidutswa kokhwatchira gitala, sigwira pa gitala ya World Tour, ndipo ya Rock Band sigwira pa ya Guitar Hero. Tembenuzani gitalayo, lembani nambala ya mtundu wake ili pakapepala kakumbuyo, ndipo funani dongle yogwirizana ndi nambalayo. Mukaipeza, ilowetseni, dinani kabatani kake, kenako yatsani gitala. Magetsi onse akasiya kuphethira ndiye kuti zagwirana.

Koma musanafune dongle, tsimikizani kuti gitalayo ndi ya PlayStation 3 ndithu, chifukwa kunja zimafanana. Yang'anani batani lalikulu lapamimba. Likakhala ndi chizindikiro cha PS, ndi ya PlayStation. Likakhala ndi X wobiriwira, ndi ya Xbox 360, ndipo imeneyo silira dongle pa Xbox 360 chifukwa makinawo ali ndi cholandirira chake m'kati; pa kompyuta pokha ndi pamene imafuna chipangizo chotchedwa Xbox 360 Wireless Gaming Receiver. Mukaona dzenje lalitali kutsogolo kwa mimba, muli kachingwe kakafupi, ndi ya Guitar Hero ya Wii: m'dzenjemo mumalowa Wii Remote, ndipo ndi iyo imene imatumiza uthenga.

Pa zonsezi, imene timaiyamikira kwa munthu wogula zakale ndi X-plorer yoyera ija, imene inabwera ndi Guitar Hero II pa Xbox 360 mu 2007. Ndi yachingwe cha USB, silira mabatire, silira dongle, ndipo kompyuta ya Windows imaizindikira. Chinthu chimodzi choti muone: kumapeto kwa chingwe chake kuli kachidutswa kakafupi kozuka, kamene anakaika kuti munthu akakodwa pachingwe asagwetse makina. Kameneka kamasowa kawirikawiri. Ndi kofanana ndi ka padi yachingwe ya Xbox 360, ndiye mukhoza kubwereka kumeneko.

Ngati dongle yakanika kupezeka, gitalayo musataye. Muli njira ziwiri. Ya Wii imagwira pa kompyuta ndi adaputala yolumikiza kachingwe kake ku USB, kungoti kudzutsa khosi kuti muyatse Star Power, mphamvu yowirikiza mapointi, sikugwira, chifukwa chozindikira kupendekeka chinali mu Wii Remote. Mumagwiritsa ntchito batani la minus m'malo mwake. Zina zonse munthu wodziwa kuwotcherera mawaya akhoza kuchotsamo bolodi lakale n'kuikamo kabolodi ka Raspberry Pi Pico kokhala ndi pulogalamu yaulere ya Santroller, n'kulumikiza waya wa batani lililonse ku phini lake. Ikatero imasanduka gitala ya USB. Pa kompyuta mumasewera Clone Hero, gemu yaulere imene inayamba mu 2017, kapena gemu ina yofanana nayo yotchedwa YARG.

Pogula makina enieniwo, samalani zinthu ziwiri. Magetsi a kwathu ndi a 230 V. Adaputala yamagetsi ya Xbox 360 kapena ya Wii yochokera ku America inapangidwira magetsi a 120 V, ndipo mukaibaya pakhoma imapsa nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa pa adaputalayo musanayatse. Chachiwiri, PlayStation 2 ndi Wii zimakana madisiki a chigawo china: makina a ku Britain kapena South Africa ndi a PAL, ndipo disiki ya ku America, ya NTSC, siitsegula. Madisiki a PlayStation 3 alibe vuto limeneli.

Pa TV yakale ndinkamaliza nyimbo pa mlingo wovuta wa Hard popanda vuto. Tagula TV yatsopano yopyapyala, tsopano ndikuphonya ngakhale pa mlingo wapakati wa Medium. Kodi manja anga ndi amene afooka? Wowerenga wa ku Zomba

Manja anu ali bwino. Vuto ndi kuchedwa kwa chithunzi ndi mawu, ndipo pa mavuto onse a magemu amenewa ili ndi limene limakhumudwitsa anthu ambiri popanda iwo kudziwa gwero lake.

TV zakale zija zonenepa kumbuyo zinkaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chikafika. TV yopyapyala imayamba yachikonza: kuchikulitsa kuti chidzaze sikirini, kusalaza mitundu, nthawi zina kuwonjezera zithunzi zake pakati kuti kuyenda kuoneke kosalala. Ntchito imeneyi imadya nthawi. Tiwerengere limodzi. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17 alionse. TV ikasunga zithunzi 5 isanaonetse, mwachedwa kale ndi mamilisekondi oposa 80. Tsopano tengani nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi: kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500, ndipo manoti othamanga, 4 pa kugunda kulikonse, amatalikirana ndi mamilisekondi 125 okha. Mukuona kuti kuchedwa kwa 80 kwadya gawo lalikulu la mpata umenewo. Inu mumakhwatcha pamene maso akuona noti pamzere, koma m'kati mwa makina notiyo inadutsa kale.

Yambani ndi kuchepetsa kuchedwako, kuyeza kubwere pambuyo. Lowani m'makonzedwe a chithunzi pa TV, yatsani Game Mode, ndipo zimitsani chilichonse chokhudza kusalaza kayendedwe ka chithunzi. Onetsetsani kuti mwachita zimenezi pa khomo la HDMI lomwe gemu yalowera, chifukwa TV zambiri zimasunga makonzedwe a khomo lililonse padera. Kenako chotsani sipika kapena mahedifoni a Bluetooth. Bluetooth imachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi oposa 100, ndipo kuchedwa kwake sikukhazikika, ndiye n'kovuta kukuyeza. Sipika yachingwe ndiyo yoyenera. Ngati mukusewera PlayStation 2 kapena Wii ndi chingwe chija cha mitu yachikasu, yoyera ndi yofiira, dziwani kuti chimenechi ndi chimene TV yopyapyala imachedwa nacho kwambiri, chifukwa iyenera kulumikiza zidutswa za chithunzi n'kuchikulitsa. TV yakale ikadalipo, makina amenewa abwezereni kumeneko.

Mukatero pitani ku Calibrate Lag kapena Calibration m'makonzedwe a gemu. Magemu ambiri a kuyambira 2008 amayeza mawu padera, chithunzi padera. Poyeza mawu tsinzinani, mukhwatche motsatira khutu lokha. Poyeza chithunzi tsitsani voliyumu mpaka ziii, mutsatire maso okha. Bwerezani katatu, lembani manambala onse, tengani yapakati. Cholakwa chofala ndi kudikira kumva kugundako kenako n'kukhwatcha. Mukatero mukuyeza kuchedwa kwa ubongo wanu. Lowani mu kayendedwe kake monga mmene mumaombera m'manja pa gule, mukhwatche limodzi ndi kugundako. Imani pomwe mumaima posewera, chifukwa mawu amatenga mamilisekondi pafupifupi 3 kuyenda mita imodzi. Magitala opanda chingwe a Rock Band 2 ndi otsatira ake ali ndi kadiso koona kuwala ndi kamaikolofoni kutsogolo. Mumangoilozetsa ku sipika, kenako ku sikirini, gemu n'kudziyeza yokha, ndipo imachita bwino chipinda chikakhala chachete komanso chamdima pang'ono.

Pali chimodzi chimene kuyeza sikuchiza. Mu Rock Band, woimba ng'oma akafika pamalo oti aimbe zakezake, kapena woimba pakamwa akamadzimva m'sipika, mawu amapangidwa nthawi yomweyo ndipo gemu singawatumize msanga. Mukamva ng'oma ikulira pambuyo pomenya, kumeneko ndi kuchedwa kwenikweni kwa TV kapena sipika, ndipo mankhwala ake ndi kufupikitsa njira ya mawu basi.

Les Paul yanga batani lofiira ndi lachikasu amaduka pakati pa noti yayitali, ndipo ndikakhwatcha kamodzi nthawi zina imawerenga kawiri. Ingakonzeke? Mphunzitsi, Mzuzu

Ingakonzeke, aphunzitsi, ndipo awa ndi matenda awiri osiyana. Musanatsegule chilichonse, yesani kaye. Ngati gitala ikulumikizika ku kompyuta ya Windows, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani joy.cpl, sankhani gitalayo, tsegulani Properties. Batani lililonse limayatsa kanambala kake, ndipo strum bar imaoneka ngati muvi wolozera m'mwamba kapena pansi. Gwirani batani lofiira osasiya, ndi dzanja linalo gwedezani khosi. Kanambalako kakaphethira, vuto lili polumikizira khosi.

Khosi la Les Paul ya 2007 limazuka, ndipo uthenga wa mabatani umadutsa pa timaphini tachitsulo tokhala ndi masipulingi, timene timagunda timabwalo tamkuwa tili kumapeto kwa khosi. Pakapita zaka khosi limayamba kugwedera, timabwaloto timada. Kokani loko wakumbuyo, zulani khosi, pukutani timabwaloto ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Ikasowa, sipiriti pang'ono imathandiza bola muisiye iume bwino. Dinani phini lililonse ndi chala muone ngati likubwerera. Pobwezera, matani tepi yamagetsi kawiri kapena katatu m'mbali mwa chigawo cholowa m'mimba kuti khosi lithine. Musapale mkuwawo ndi sandipepa kapena mpeni, chifukwa ndi wopyapyala ndipo ukachoka sumabwerera. Zikapitirira, njira yokhalitsa ndi kuwotcherera mawaya molumphira malo amenewa. Khosi silizukanso, koma vutolo latha.

Ngati kugwedeza khosi sikukusintha kanthu, tsegulani khosilo. Magitala ambiri a Guitar Hero anamangidwa ndi masikuluwu a mutu wa nyenyezi a Torx T10. Musakakamize sikuludiraiva wamba chifukwa mutu ukaphwanyika mwadzipatsa ntchito ina. Pansi pa mabatani pali mphira wofewa wokhala ndi timadontho takuda timene timagunda bolodi. Thukuta ndi fumbi zimamatirira pamenepo. Pukutani bolodi ndi timadonthoto pang'onopang'ono, tsukani mabatani apulasitikiwo ndi sopo, aume, bwezerani. Mphira ukang'ambika batani silibwerera msanga, ndipo pamenepo pafunika wina wochokera ku gitala yakufa. Mafuta a makina kapena opopera aja musaikemo. Amakoka fumbi ndipo ena amafewetsa mphira.

Kuwerenga kawiri kuli ku strum bar. Pansi pake pali masiwichi awiri, ina yam'mwamba, ina yapansi. Yapansi ndi imene imafa msanga chifukwa anthu ambiri amakhwatchira pansi pokha. Tizitsulo tam'kati mwa siwichi tikatha, timadumphadumpha pogundana, gemu n'kuona ngati mwakhwatcha kawiri, ndipo kukhwatcha popanda noti kumadula mndandanda wanu wa manoti ogwidwa motsatizana. Nthawi zina vuto ndi lakuti strum bar yakhwepa, ndiye mukaisiya imabwerera mwamphamvu n'kukagunda siwichi ya mbali inayo. Mu joy.cpl mudzaona kusiyana: muvi ukaphethira kawiri mbali imodzi, siwichi yatha, isintheni, ukalozera pansi kenako m'mwamba, ndi kukhwepa, mangitsani masikuluwu a bolodi ndi kumata kachidutswa kasiponji kopyapyala pomwe strum bar imakagunda. Posintha, sinthani zonse ziwiri kuti zizimveka mofanana m'dzanja.

Muli m'katimo, onaninso whammy bar. Ikamangolendewera, sipulingi yake yaduka kapena kachidutswa kapulasitiki kogwira sipulingiyo kathyoka. Lastiki wokhuthala womangirira pa nsanamira ya sikuluwu amagwira ntchito yomweyo. Malo a mabatire akachita zoyera ngati mchere, ndiye kuti mabatire anatayikira: pukutani ndi kathonje ka viniga, kenako sipiriti. Les Paul imadya mabatire 2 a AA, pamene Stratocaster yopanda chingwe ya Rock Band imadya 3, ndipo mukadziwa kuti simusewera mwezi wathunthu, achotseni.

Chopondera cha ng'oma za Rock Band chathyoka pakati, ndipo ng'oma yofiira imaphonya ndikamenya mothamanga. Mtsikana woimba ng'oma, Blantyre

Chopondera cha Rock Band yoyamba ya 2007 chinali chapulasitiki yokhayokha ndipo chinkathyoka kwambiri, n'chifukwa chake cha Rock Band 2 anachiika chitsulo pamwamba. Inunso chitani chimodzimodzi. Pitani nacho kwa wosula zitsulo akudulireni chitsulo chafulati chokhuthala mamilimita 2, cholingana ndi phazi la choponderacho, aboole mabowo 6, atatu mbali iliyonse ya mng'aluwo, mumange ndi mabawuti aafupi. Guluu yekha sagwira pamalo opondedwa chonchi. Samalani maginito ali kunsi kwa chopondera. Ndi amene amatseka kasiwichi kagalasi kali m'tsinde mukaponda, ndiye akagwa kapena kusuntha, chopondera chimakhala chete ngakhale chili cholimba. Kuti muyese, ikani mita yoyezera magetsi pa pulagi yake ya mamilimita 3.5: iyenera kulira mukaponda, n'kusiya mukachotsa phazi. Ikamalira mwa apo ndi apo mukamagwedeza chingwe, waya waduka m'kati pafupi ndi pulagi.

Wina akakupatsani chopondera cha Guitar Hero World Tour, pulagi ilowa koma sichigwira bwino, chifukwa chimenecho chimagwiritsa ntchito piezo, osati siwichi.

Piezo yomweyo ndi imene ili pansi pa ng'oma iliyonse: kachitsulo kozungulira kopyapyala ngati ndalama, kamene kamatulutsa magetsi pang'ono kakanjenjemera. Yofiira ndiyo imamenyedwa kwambiri, ndiye piezo yake imamatuka kapena waya wake umathothoka. Zulani ng'omayo mosamala, onani ngati piezo yagona bwino pakati, imateni ndi tepi yomata mbali zonse, ndipo powotcherera waya musachedwetsepo chowotchera kupitirira masekondi 2, chifukwa kutentha kumaononga mbali yoyera ija. Mukamenya yofiira n'kuwerengedwa yachikasu, ndiye kuti kunjenjemera kukudutsa m'chimango. Mangitsani miyendo ndi kuika ng'oma pa kapeti kapena mphasa. Kumenya mwamphamvu sikuthandiza. Lolani kamtengo kadumphe kokha, mumenye pakati.

Ndakhala pa Medium miyezi 6. Ndikangolowa Hard, batani la olenji limandigwetsa. Wophunzira, Lusaka

Apa ndi pamene ambiri amaima, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona. Easy imagwiritsa ntchito mabatani 3, Medium 4, ndiye zala 4 zimakhala pamalo amodzi. Hard imabweretsa lachisanu, dzanja liyenera kuyenda. Musatambasule kachala kakang'ono kuti kafike pa olenji. Sunthani dzanja lonse. Phunzirani malo achiwiri, pamene chala cholozera chili pa lofiira ndipo kachala kakang'ono kali pa olenji, ndipo pa Hard muziyesa amenewa ndiwo kwanu, n'kumabwerera ku lobiriwira ndi chala cholozera pokhapokha pafunika. Batani lachikasu lili ndi kamzere kotukuka kuti chala chizidziwa pomwe chili osayang'ana. Njira yabwino yozolowera ndi kubwereza nyimbo za Medium zimene mumazidziwa, dzanja lili pamalo achiwiriwo.

Pali malamulo atatu amene gemu sikuuzani momveka. Kudina batani msanga si mlandu, chowerengedwa ndi kukhwatcha, ndiye gwirani batani noti isanafike. Pa noti imodzi mukhoza kusiya zala zili pa mabatani a kunsonga kwa khosi pamene mukudina lapatsogolo. Mwachitsanzo, kugwirabe lobiriwira uku mukuimba lachikasu. Pa manoti awiri kapena atatu a nthawi imodzi izi siziloledwa, muyenera kugwira okhawo. Lachitatu, manoti ena salira kukhwatcha ngati yapitayo munaigwira: mu Guitar Hero amawala pamwamba, mu Rock Band ndi ang'onoang'ono. Amenewa mumangodina kapena kuchotsa chala. Mukaphonya imodzi, khwatchani yotsatirayo kuti muyambirenso.

Manoti a mtundu umodzi akathithikana, khwatchani pansi ndi m'mwamba mosinthana, kuchokera m'mfundo ya dzanja, chigongono chili phee. Kuyambira Guitar Hero II muli Practice, momwe mumasankha chigawo chovutacho n'kuchichedwetsa. Mphindi 15 pa chigawo chimodzi zimapindula kuposa ola lobwereza nyimbo yonse. Dzanja likayamba kuwawa kapena kuchita dzanzi, imani, ndipo fupikitsani lamba kuti gitala ikwere.

Za mapointi: mu Guitar Hero noti ndi 50. Mukagwira 10 motsatizana amachulukitsidwa kawiri, pa 20 katatu, pa 30 kanayi. Star Power mukhoza kuiyatsa mita yake ikafika theka ndipo imawirikiza zonsezo, ndiye noti imodzi imafika 400. Pamene mukuphunzira Hard, isungireni malo ovuta, chifukwa ikayaka noti iliyonse yogwidwa imakweza msanga mita imene ikatsika mpaka pansi imakutulutsani mu nyimbo.

Mwana wanga amapambana kwambiri pa gemuyi. Ndiye kuti adzadziwa gitala yeniyeni? Bambo, Kasungu

Osati mwachindunji, bambo. Gitala yeniyeni ili ndi nsambo 6 zofunika kukanikiza ndi nsonga za zala, ndipo kumanga makodi kumeneko mabatani 5 sakuphunzitsa. Chimene mwanayo watenga ndi kusunga nthawi, kugwirizanitsa manja awiri ndi khutu lomva gitala payokha m'kati mwa nyimbo, ndipo zimenezi si zazing'ono. Ng'oma ndizo zili pafupi ndi zenizeni, chifukwa pa Expert, mlingo wovuta kwambiri, manja ndi phazi lamanja zimatsatira zimene woimba weniweni amachita, ngakhale phazi lamanzere silimaphunzira kanthu. Rock Band 3 ya 2010 inayesa kutseka mpatawu ndi kiyibodi ya makiyi 25 komanso gitala ya Mustang ya mabatani 102, ndipo Rocksmith ya Ubisoft ya 2011 imalumikiza gitala yamagetsi yeniyeni ku gemu ndi chingwe chake. Akaonetsa chidwi, m'pezereni gitala yansambo ndi munthu womuonetsa makodi oyamba.

Kodi ndingaike nyimbo za kwathu mu Clone Hero? Woimba kwaya, Dedza

Mungathe, ndipo tingakonde kuona ambiri akuchita zimenezi, koma ndi ntchito yamanja yofuna kudekha. Nyimbo iliyonse imakhala mufoda yake, momwe muli mafayilo atatu ofunika: song.ogg ya mawu, notes.chart ya manoti, ndi song.ini ya dzina la nyimbo ndi woimba. Mawu mumawasandutsa ogg ndi Audacity, ndipo muike masekondi 2 achete koyambirira kuti manoti oyamba asadzidzimutse wosewera. Manoti mumalemba ndi Moonscraper. Mapulogalamu onsewa ndi aulere.

Musaike noti ngakhale imodzi musanagwirizanitse liwiro. Yatsani kogunda nthawi mu Moonscraper, sunthani nambala ya BPM, yosonyeza kugunda kungati pa mphindi, mpaka mizere igwere pomwe ng'oma yayikulu ikugunda, ndipo mumvere mpaka kumapeto. Nyimbo yopangidwa pa kompyuta imasunga liwiro limodzi. Yojambulidwa ndi bandi kapena kwaya ikuimba pamodzi imathamanga ndi kubwerera pang'ono, ndiye muyenera kuika BPM yatsopano pakadutsa mizere ingapo iliyonse. Mukalumpha gawo limeneli, poyamba zimaoneka bwino koma pofika mphindi yachiwiri manoti onse asiyana ndi mawu.

Chimene chimasokoneza ambiri pa nyimbo za kuno n'chakuti zambiri zimagawa kugunda kumodzi patatu, pamene Moonscraper anthu amaizolowera pa magawo a 1/8 ndi 1/16, ogawa pawiri ndi panayi. Mukaona manoti akukana kugwera pamizere ngakhale BPM ili bwino, sinthani Step kukhala 1/12, kapena 1/24 pa malo othamanga. Poika mitundu, mawu akamakwera pitani cha ku olenji, akamatsika bwererani cha ku lobiriwira, ndipo chigawo chikabwerezedwa chilembeni mofanana. Yambani ndi Expert, kenako muzichotsamo manoti kuti mupange Hard, Medium ndi Easy. Mukamaliza, ikani fodayo momwe muli nyimbo zina, n'kusankha Scan Songs m'makonzedwe a gemu.

Nyimbo ili ndi mwini wake. Ngati ndi ya kwaya yanu, gwirizanani nokhanokha. Ngati ndi ya woimba wina ndipo mukufuna kuigawa pa intaneti kapena kuiseweretsa pamalo olipiritsa, pemphani chilolezo kwa mwiniwakeyo, ndipo ku Malawi bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi COSOMA. Fayilo ya notes.chart mukhoza kupatsa mnzanu payokha, iye n'kuikamo mawu a nyimbo imene anagula, bola kutalika kwa chete wakoyambirira kufanane ndi kwanu.